Mlongo wanu wamwalira ali Mkhristu: mulire bwanji, mumulemekeze bwanji

Achemwali anga anatisiya m'bandakucha wa Lachinayi, m'mwezi wa Febuluwale, mvula ikugwa. Anali mayi wa Mvano kwa zaka zoposa 20 kwathu ku Thyolo. Foni inandipeza ndili ku Limbe, ndipo ndinakhala pamphepete pa bedi kwa nthawi yaitali, nsapato zili m'manja, osadziwa poyambira. Ndikulembera inu amene foni yotere yakupezani kumene: achimwene, achemwali, mkulu wanu kapena mng'ono wanu wapita, ndipo anali munthu wopemphera. Ine ndine wa CCAP, koma zambiri mwa izi zithandizanso Mkatolika, wa Anglican, wa Seventh Day kapena wa Pentekosite. Pamene timasiyana ndinenapo.

Choyamba: uthenga uyende pakamwa usanayende pa foni

Musalembe kanthu pa WhatsApp kapena pa Facebook anthu awa asanamve: mwamuna kapena mkazi wa malemu, ana, ndi makolo ngati ali moyo. Kwa mayi okalamba tumizani munthu wamkulu apite yekha, akakhale nawo pansi, awauze ali pafupi kuti awagwire. Kwathu tinalakwitsa pamenepa. Mwana woyamba wa achemwali anali ku Johannesburg, ndipo anadziwa za imfa ya mayi ake poona chithunzi chawo pa status ya msuweni, ali pantchito. Mpaka lero akaikumbuka nkhaniyi mawu amamuthera.

Mukatha abale, uzani amfumu, chifukwa manda ndi awo ndipo adzukulu sakumba popanda mawu awo. Kenako uzani mkulu wa mpingo wa m'dera la malemu, kapena wapampando wa mphakati ngati anali Mkatolika. Iwowo ndi amene afikitse uthenga kwa abusa kapena kwa abambo. Tsiku lomwelo sankhani munthu mmodzi wokhulupirika, mumupatse kope ndi cholembera. Chipepeso chonse, cha pamanja, cha pa Airtel Money ndi cha pa Mpamba, chidzere kwa iye, ndipo nambala yolandirira ikhale imodzi. Munthu ameneyu asakhale inuyo.

Chachiwiri: khalani pansi ndi ampingo lisanalowe dzuwa

M'banja limodzi masiku ano mumapezeka mipingo inayi kapena isanu. Aliyense amafuna abusa ake alankhule, kwaya yake iimbe. Nkhaniyi muithetse msanga: mwambo ndi wa mpingo umene malemu ankapemphera, ngakhale bokosi wagula ndi wa mpingo wina. Ena angapatsidwe mpata usiku pochezera, koma mapemphero a tsiku loika atsogolere ndi amene ankadya naye mgonero.

Funani kadi yake ya mpingo. Ya achemwali tinaipeza m'Baibulo mwawo, pakati pa Masalimo, itakulungidwa m'kapepala ka pulasitiki. Akulu a mpingo amaifuna pofuna kudziwa mmene mwambo uyendere. Ngati m'bale wanu anali woimitsidwa, kapena anali atasiya kufika kwa kanthawi, nenani zoona, ndipo mufunse mwaulemu chimene mpingo ungachite. Kukangana ndi akulu a mpingo pabwalo, anthu akumva, kumangowonjezera bala pa bala. Chigamulo chawo chingakupwetekeni, koma chimangokhudza dongosolo la mwambo. Za mtima wa m'bale wanu akudziwa ndi Mulungu.

Auzeni zimene inu mukudziwa ndipo iwo sangazidziwe: nyimbo imene ankaimba akutsuka mbale, ndime imene ankaibwereza ali kuchipatala, munthu amene ankafuna adzamupempherere. Funsaninso za yunifomu. Amayi a Mvano, a Chigwirizano ku Nkhoma, a Umanyano ku Livingstonia, a Dorika ku Seventh Day, aliwonse ali ndi kachitidwe kawo posambitsa, poveka ndi poperekeza mnzawo. Asiyeni achite. Ndinaona amayi a Mvano aja atafika m'mabulauzi oyera, masiketi akuda ndi maduku oyera, atandanda kuyambira pakhomo mpaka pamene panali masamba pamsewu. Ena anayenda wapansi kuchokera kutsidya la mtsinje, matope ali m'maondo. Pamenepo ndi pamene ndinadziwa kuti achemwali anali ndi abale ena ambiri amene ife a bere limodzi sitinkawadziwa.

Chachitatu: lirani

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene Akhristu timapwetekana tisakudziwa.

Anthu adzabwera kudzakugwirani dzanja n'kunena kuti, "Musalire, ali kwa Atate, apumula." Amanena ndi mtima wabwino, ndipo n'kutheka kuti akunena zoona. Koma mawuwa akachuluka, munthu umayamba kuona ngati misozi yako ikunyoza chikhulupiriro cha malemu. Ngati ndinu mwamuna, pamabweranso ena: "Limbani mtima achimwene, onsewa akuyang'ana inu." Ine ndinalimbadi. Masiku awiri ndinali pa nkhuni, pa matumba a chimanga, pa galimoto yonyamula thupi, pa tenti. Ndinkathawira m'ntchito kuti ndisalowe m'siwa.

Tsegulani Yohane 11. Nkhani imeneyi ndi ya anthu ngati ife, alongo awiri amene mlongo wawo wamwalira. Marita ndi Mariya ankakhulupirira za kuuka kwa akufa, Marita ananena yekha pakamwa pake. Komabe onse awiri, wina pa ndime 21 wina pa ndime 32, anamuuza Yesu mawu amodzimodzi, kuti akanakhalapo mlongo wawo sakanafa. Amenewo ndi mawu a munthu wodandaula, ndipo Yesu sanawadzudzule. Pa ndime 35 Yesu analira nawo, ngakhale ankadziwa kuti posachedwa Lazaro atuluka m'manda. Paulo pa 1 Atesalonika 4:13 sakuletsa kulira. Chimene akukana ndi kulira ngati anthu opanda chiyembekezo. Stefano ataponyedwa miyala, Machitidwe 8:2 akuti amene anamuika anali anthu opembedza, ndipo anamulira kwambiri. Aisraeli analira Mose masiku 30. Ndani tsono anatiphunzitsa kuti Mkhristu weniweni amauma m'maso pofika tsiku lachitatu?

Chitani izi. Ntchito zonse muzigawe, mutu umodzi susenza denga, ndipo pamaliro anthu ofuna kuthandiza sasowa, amangodikira kutumidwa. Inu lowani m'nyumba, mukhale pafupi ndi bokosi ngakhale ola limodzi. Nthawi yoona nkhope ikafika, musadutse mothamanga. Imani, muyang'ane, munene chimene muli nacho, mokweza kapena chamumtima. Ine ndinalowa usiku wachiwiri, cha m'ma 2 koloko, nyali ya palafini ikuthima-thima, amayi a Mvano akuimba motsitsa kuti ogona asadzuke. Mayi wina wachikulire anasendera n'kundisiyira malo pamkeka, osanena kanthu. Ndinalira pamenepo mpaka kunja kunayera, ndipo palibe anandiletsa.

Mwina muli ndi mkwiyo. Munasala kudya, munapemphera usiku wonse, munaitana abusa kuchipatala, koma anapitabe. Musaubise kwa Mulungu mkwiyowo, akuudziwa kale. Salimo 13 limayamba ndi kufunsa kuti mpaka liti. Salimo 88 limathera mumdima, lopanda ndi mawu amodzi achitonthozo kumapeto kwake, koma lili m'Baibulo lomwelo limene m'bale wanu ankawerenga. Masiku amene pemphero likukukanikani, werengani masalimo amenewa mokweza, akhale pemphero lanu.

Chachinayi: lembani mbiri yoona

Mbiri ya malemu nthawi zambiri imalembedwa mothamanga m'mawa wa tsiku loika, ndipo imatuluka yofanana ndi ya wina aliyense: anabadwa, anaphunzira, anakwatiwa, wasiya ana angapo, anali wokonda anthu. M'bale wanu ayenera zoposa pamenepo.

Yambani dzulo lake. Lembani kaye zaka: kubadwa, ubatizo, kulandiridwa kukhala Mkhristu wathunthu kapena kulimbitsidwa, ukwati, kulowa m'bungwe la amayi, la abambo kapena m'kwaya, maudindo amene anagwira. Zina mwa izi zili pa kadi, zina kwa mlembi wa mpingo. Mukatero, tulukani mukafunse anthu atatu kapena anayi amene ankakhala naye pafupi m'tchalitchi, kuti, "Ankachita chiyani chimene ife kunyumba sitinkachiona?" Mudzadabwa. Ine ndinauzidwa kuti achemwali ankapita Lachiwiri lililonse kukatungira madzi gogo wina wosaona, kwa zaka zambiri, ndipo kunyumba ankangoti apita kudimba.

Pa Machitidwe 9, Dorika atamwalira ku Yopa, amayi amasiye sanamufotokozere Petro ndi mawu ambiri. Anamuonetsa malaya ndi zovala zimene Dorika anasoka. Nanunso onetsani zinthu ziwiri kapena zitatu zogwirika zotere, basi. Musamusandutse mngelo. Achemwali anali ndi lilime lakuthwa, mudzi wonse unkadziwa, ndipo m'mbiri tinanena kuti ankafulumira kukalipa koma dzuwa lisanalowe ankabwera okha ndi mbale ya ndiwo kudzapepesa. Anthu anagwedeza mitu, ena anamwetulira misozi ili m'masaya, chifukwa anamuzindikira munthu wawo. Mphindi 5 zikwana. Ngati mukuona kuti mawu adzakutsamwitsani, perekani pepalalo kwa wina awerenge inu mutaima pambali pake.

Chachisanu: musalowe katapila chifukwa cha bokosi

Werengani ndalama zimene zilipo musanapite kogula. Bokosi lonyezimira, nkhata zodula ndi nsalu zosindikiza nkhope zimakhala za maola ochepa, pamene fizi ya ana a malemu ikudikira teremu yamawa. Ngati chipepeso chatsala, chilengezedwe pamaso pa abale ndipo chisungidwire anawo.

Chachisanu ndi chimodzi: tsekani khomo la kusaka mfiti

Sipatenga nthawi, wina amayamba kunong'ona kuti imfa iyi si yabwino, pali munthu. Kawirikawiri chala chimaloza nkhalamba, mkazi wamasiye kapena mnansi amene munakangana naye za malire a munda. Inu monga mlongo wa malemu mawu anu ndi olemera, ndiye muwagwiritse ntchito msanga. Nenani poyera matenda amene achipatala anapeza, ngati banja lavomereza kuti anenedwe, ndipo munene kuti m'bale wanu anafa akudalira Khristu, choncho palibe amene apite kwa sing'anga kapena kwa mneneri wolosera m'dzina lake. Dziwaninso kuti lamulo la dziko lino, Witchcraft Act ya 1911, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Nkhalamba zavulazidwa ndi kuphedwa m'midzi mwathu chifukwa cha mawu oyambira pamaliro. Dzina la munthu amene ankapemphera lisakhale chifukwa chokhetsera magazi.

Chachisanu ndi chiwiri: tsiku losesa, katundu ndi ana

Kuno kumwera ndi m'madera ambiri a pakati, mlongo wa mayi ndiye mwinimbumba. Achemwali atapita, ana awo anayi anayang'ana kwa ine malume awo. Udindo umenewu ena amausandutsa chilolezo chotenga: makina osokera, njinga, malata, ngakhale mapoto. Kwina kumene mkazi amakakhala kwa mwamuna, ndi abale a mwamuna amene amalanda, mayi wamasiye n'kutsala ndi chitenje chokha. Ndanena kale za kulira, koma kunena zoona pamene chikhristu cha banja chimayesedwa kwambiri ndi apa, nyimbo zitatha, abusa atapita.

Lamulo lilipo. Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act ya 2011 imaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu, ana ndi amene ankadalira malemuyo, ndipo kulanda chuma chamasiye ndi mlandu. Ngati panali wilo, itsatidwe. Ngati panalibe, musagawane m'chipinda usiku. Lembani katundu yense pa pepala, pakhale amfumu ndi mkulu wa mpingo ngati mboni, ndipo za ndalama za kubanki, za penshoni kapena za nyumba mukafunse ku ofesi ya DC kapena ya Administrator General. Zonsezi zidzafuna chiphaso cha imfa. Ngati anamwalirira kuchipatala, tengani kalata ya kumeneko musanachoke. Ngati anamwalirira kunyumba, amfumu ndi amene amachitira umboni. Kenako mukalembetse ku National Registration Bureau ya m'boma lanu. Musazengereze, mapepala amavuta pakapita nthawi.

Alamu anu musawathamangitse. Nawonso aferedwa, ndipo anawo ndi awo. Nkhani ya kusudzula idikire mitima itakhazikika, ndipo mwambo uliwonse wokakamiza wamasiye kugona ndi munthu kuti ati ayeretsedwe muukane poyera.

Pali katundu wina amene pamsika alibe mtengo: Baibulo, buku la nyimbo, makope a maphunziro a Mvano, yunifomu yotsala. Zimenezi musazitaye m'chikwama cha zovala zogawa. Za yunifomu funsani atsogoleri a bungwe lake. Baibulo lipite kwa mwana kapena m'bale amene adzaliwerenge, koma lisanapite, jambulani ndi foni masamba onse amene malemu analembamo kapena kudula mzere, mutumizire abale onse. M'Baibulo la achemwali munali mayina athu tonse kuchikuto chakumapeto, lililonse lili ndi tsiku la sabata pambali pake. Langa linali pa Lachisanu. Sindinkadziwa kuti kwa zaka zonsezo ndinali ndi tsiku langa.

Chachisanu ndi chitatu: anthu akabalalika

Maliro n'kulirana, koma olira nawe amakhala ndi minda ndi ntchito zawo. Pakatha sabata tenti imachotsedwa, mafoni amachepa, ndipo chisoni chenicheni chimayamba pamenepo. Anthu amathamangira kwa ana, kwa wamasiye ndi kwa makolo, ndipo n'koyenera. Mlongo amaiwalika, amafunsidwa kuti, "Amayi akupeza bwanji?" Koma inu mwataya munthu amene ankadziwa ubwana wanu wonse, amene munkagona naye mphasa imodzi, amene ankakuberekani kumsana.

Lamulungu loyamba ndi lovuta. Musapite nokha, ndipo mukhale pafupi ndi khomo kuti nyimbo ikakulemerani mutuluke. Ngati mwalephera kupita, musadziweruze, koma musalole kuti miyezi ithe. Pezani munthu mmodzi amene mungamuuze zoona, wodziwa kukhala chete ngati mmene anzake a Yobu anachitira masiku 7 oyamba aja, asanayambe kulankhula. Tchulani dzina la malemu m'nyumba, ana amve kuti n'kololedwa kukamba za mayi awo. Masiku ena muwakonzekere: tsiku lake lobadwa, Khirisimasi, Pasaka, nyengo ya masika pamene ankanyamula dengu la chimanga kupita nalo kutchalitchi.

Mudzichenjerere ndi mowa, makamaka abambo, chifukwa umabwera ngati wotonthoza. Ngati papita miyezi tulo osabwera, chakudya osalowa, ntchito yakukanikani, kapena mwayamba kuganiza zodzichotsera moyo, uzani munthu lero lomwe ndipo mupite kuchipatala chapafupi. Ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso ku Zomba Mental Hospital, kuli anthu ophunzira ntchito yothandiza maganizo. Kupita kumeneko n'chimodzimodzi kupita kukayezetsa malungo, ndipo pemphero mupitiriza muli komweko.

Chachisanu ndi chinayi: tolani chinthu chimodzi chimene anasiya

Za chikumbutso timasiyana. Akatolika amapereka Misa yopempherera malemu, ndipo pa 2 Novembala amakumbukira akufa onse. Ife a CCAP ndi mipingo ina sitipempherera akufa, timathokoza Mulungu chifukwa cha moyo wawo ndi kupempherera otsala. Tsatirani za mpingo wa m'bale wanu, ndipo musanyozane m'banja pa zimenezi.

Chiliza chisakuthamangitseni. Dikirani dothi likhazikike, mvula idutsepo, ndalama zipezeke popanda ngongole. Posankha ndime yolemba pamwala, ambiri amatenga 2 Timoteo 4:7, ndipo ndi yabwino, koma yambani mwayang'ana m'Baibulo la malemu. Ife tinapeza Salimo 121 litadulidwa mizere kawiri, ndi inki yabuluu ndi yofiira, tsamba lake litada ndi zala. Kuchokera pakhonde pawo phiri la Mulanje limaoneka kukacha bwino, ndipo ndikhulupirira ankaliwerenga akuyang'ana komweko. Tinalemba limenelo.

Kenako khalani pansi abale, mufunsane kuti pa zonse zimene ankachita chifukwa cha chikhulupiriro chake, n'chiti chimene chaima chifukwa iye kulibe. Musatenge zonse, simungathe, ndipo simukuyenera kusanduka iyeyo. Tengani chimodzi chimene mungachikwanitse kwa zaka: kuyendera wodwala amene ankamuyendera, kulipirira mwana mmodzi wamasiye, kusesa m'tchalitchi Loweruka lake, kusonkhanitsa ana ake kupemphera madzulo monga ankachitira. Chilembeni, muuzane amene achite ndi tsiku lake, chifukwa malonjezo a pamanda amauluka msanga.

Kwathu tinagawana motere. Mng'ono wawo wa achemwali anatenga mayina aja a kuchikuto, akupempherera aliyense pa tsiku lake, ndipo anawonjezerapo adzukulu awiri amene abadwa pambuyo pake. Ine ndili kutali ndi mudzi, choncho ndimatumiza ndalama pa Mpamba mwezi uliwonse kwa mtsikana wina wa m'kwaya, amene amakatungira madzi gogo uja Lachiwiri. Ndikapita kumudzi ndimanyamula ndowa ndekha. Gogoyo amandizindikira ndi mayendedwe ndisanalankhule, ndipo amandiitana ndi dzina la achemwali, kuti, "Alongo ake a uje, mwabwera?" Ndimayankha kuti ndabwera, n'kuthira madzi mumtsuko.